Pampu ikafa tomato ali pa maluwa, asowe tulo ndani?

Funso

Ndili ndi shopu ya zipangizo zaulimi ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikugulitsa mapampu a sola othiririra m'madimba. Vuto ndi lakuti pampu ikangovuta mlimi amabwerera kwa ine, ndipo ndimatumiza mnyamata wanga kukakonza ulere poopa kuipitsa mbiri ya shopu. Mwana wanga amene anaphunzira zamalonda akuti ndisiye kugulitsa, mapampuwo ndizingowapereka kwa alimi kuti azilipira mwezi ndi mwezi, kukonza kukhale kwa ine. Akuti ndi mmene makampani akuluakulu akuchitira masiku ano. Kodi zingatheke kuno kwathu, nanga mtengo wake ndingaupange bwanji?

Yankho

Mayi, mwana wanuyo sakunama. Makampani otere alipo ndithu, ndipo ena alemera nazo. Koma tisanapite kwa iwo, werenganinso zimene mwalemba nokha. Mukutumiza kale mnyamata kukakonza, mafuta a njinga yamoto mukugula ndinu, tsiku lake mukulipira ndinu. Ndiye kuti katundu ndi ntchito munaziphatikiza kalekale, kungoti gawo la ntchitolo mukulipereka ulere ndipo silinalembedwe m'buku lililonse. Chimene chatsala kuti mugamule ndi ichi: pampu ikaima tomato ali pa maluwa, amene akuyenera kusowa tulo ndani, ndipo kusowa tulo kwakeko n'kwa ndalama zingati?

Mukagulitsa pampu, mlimi n'kuwerenga ndalama zonse pa kauntala, mavuto a pampuyo amakwera naye limodzi pa kabaza. Mchenga ukadya za m'kati, ndi zake. Mbala zikazula mapanelo usiku, ndi zake. Koma mukanena kuti pampu ikhale yanu, iye azingolipira madzi amene ikutulutsa, mavuto onsewo atsala m'manja mwanu, ndipo chimene mlimi wagula ndi mtendere wa mumtima. Mtenderewo ndi malonda enieni, anthu amaulipira mosanyinyirika akauona. Kungoti wougulitsa ayenera kudziwa kuti iyeyo ukumudyera zingati. Walira mvula walira matope. Ndalama zolowa mwezi ndi mwezi n'zokoma, koma zimabwera limodzi ndi foni yolira mbandakucha.

Nkhani imene aphunzitsi a zamalonda amakonda kuyambira ndi ya makina a fotokope. Mu 1959 kampani ina ya mumzinda wa Rochester ku America, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Haloid Xerox, inatulutsa makina otchedwa 914. Anali aakulu ngati desiki, olemera makilogalamu pafupifupi 300, komanso odula moti maofesi ambiri sakanawagula. Eni ake anasankha kuwabwereketsa. Ofesi inkalipira madola 95 pamwezi n'kuloledwa kutulutsa mapepala 2,000, ndipo pepala lililonse lopitirira pamenepo linali masenti 4. Kukonza kunali kwa kampani, ndipo wosakhutira ankatha kuwabweza atapereka chidziwitso cha masiku 15. (Makinawo ankatentha mpaka nthawi zina pepala kugwira moto, moti ankabwera ndi kachozimira moto kakekake.) Anthu ataona kuphweka kwake anayamba kukopa chilichonse chimene chagwa pa tebulo, mapepala anapitirira 2,000 kutalitali, ndipo timasenti tinayi tija ndi timene tinakweza kampaniyo.

Mwana wanu akamakusimbirani nkhani ngati imeneyi, mufunseni za zinthu zimene zinaichirikiza. Makina aja anali ndi mita yowerenga mapepala, imene kampani ndi kasitomala onse ankaiona, choncho pa bilu panalibe mkangano. Ankakhala m'maofesi a m'mizinda, moti wokonza mmodzi ankayendera angapo tsiku limodzi. Ofesi imagwira ndalama chaka chonse. Pampu yanu ili kudambo, msewu wake ndi wafumbi, ndipo mwini wake amagwira ndalama yooneka kawiri kapena katatu pa chaka.

Chitsanzo china chotchuka ndi cha mainjini a ndege. Mu 1962 kampani ya ku Britain ya Bristol Siddeley inayamba kulipiritsa eni ndege zing'onozing'ono za anthu abizinesi malinga ndi maola amene injini yauluka, iyo n'kumasenza zokonza ndi kusintha zipangizo. Dongosololi analitcha Power by the Hour. Rolls-Royce inagula kampaniyo mu 1966, ndipo patapita zaka inafikitsa njira yomweyi ku mainjini a ndege zikuluzikulu zonyamula anthu. Chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi ndi mmene inatembenuzira mtima wa wogulitsa. Kale injini ikawonongeka, wopanga ankadyerapo pogulitsa zipangizo. Tsopano ikawonongeka amaluza ndi iyeyo, pakuti ndege ikakhala pansi ndalama sizilowa. N'chifukwa chake anaika timakina totumiza uthenga wa mmene injini ikuyendera ili m'mwamba, kuti vuto alidziwe lisanakule.

Koma mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo, ndege zinangondanda m'mabwalo. Maola ouluka atagwa, ndalama za kampaniyo zinagwa nawo, ndipo mu Meyi chaka chimenecho Rolls-Royce inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 9,000. Iwo zinawagwera kamodzi, mwadzidzidzi. Inu kuima kwa ntchito kotereku kumakupezani chaka ndi chaka, dzina lake ndi dzinja. Mvula ikayamba cha mu Novembala kapena Disembala, mlimi amazula pampu n'kukaisunga kuchipinda kuseri kwa matumba mpaka cha mu Epulo kapena Meyi. Ngati mumalipiritsa malinga ndi ntchito imene pampu yagwira, miyezi imeneyo simulandira kanthu, pamene lendi ya shopu ndi malipiro a mnyamata sizidziwa kuti kunja kukugwa mvula. Mukati azilipirabe pamwezi, ndiye kuti mu Febuluwale muzikalonjerera ngongole kwa munthu amene akusaka chimanga choti ana adye.

Ndipo akuluakuluwa sikuti zimawayendera tsiku loyamba. Michelin, kampani ya matayala ya ku France, inayamba mu 2000 kulipiritsa makampani a mathiraki pa makilomita amene ayenda m'malo mowagulitsa matayala. Zaka zoyambirira phindu silinaoneke. Kusamalira matayala a eni ake kunadya ndalama kuposa mmene anawerengera, ndipo antchito amene anazolowera kugulitsa matayala anavutika kugulitsa mgwirizano. Iwo anali ndi nkhokwe yodzaza yopiririra nayo. Inu muli ndi mpamba umodzi womwewu.

Zimene mwana wanu akunenazi, mukazisenda bwino, muli mabizinesi atatu m'thumba limodzi. Muli shopu yogulitsa katundu, muli galaja yokonza, mulinso kukongoza ndalama, pakuti pampu imene mwapereka osalandira mtengo wake wonse ndi ngongole basi, ngakhale muipatse dzina lokoma bwanji. Yachitatuyi ndi imene imagwetsa anthu ambiri, ndiye tiyambe nayo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu muikemo anu enieni. Tinene kuti pampu imodzi ndi mapanelo ake imakufikani pa K1,500,000, ndipo mumaigulitsa K1,900,000. Muli ndi mpamba wa K15,000,000, ndiye mwaoda mapampu 10. Mukagulitsa kashi, onse akatha muli ndi K19,000,000, mwanyamuka kukaoda 12. Tsopano aperekeni omwewo mlimi aliyense atangopereka K400,000 yoyambira, zotsalazo amalize m'zaka ziwiri. M'manja mwanu mwalowa K4,000,000, yongokwana mapampu awiri. M'buku mukuoneka olemera, anthu khumi ali ndi ngongole kwa inu, koma m'shopu muli pululu, ndipo mlimi wina wobwera ndi ndalama zake zonse m'thumba akukagula kwa mnzanu wa tsidya la msewu. Chopweteka n'chakuti alimi akalikonda kwambiri dongosololi, m'pamene ndalama zimakutherani msanga. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Onjezeranipo nkhani ya kwacha. Mapampu, mapanelo ndi zipangizo zake zimachokera kunja ndipo zimatsata dola, pamene mlimi amakulipirani makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Kachipangizo ka madola 50 kamene kanagona kali K59,000 kanadzuka kali K85,000. Munthu amene akanasainirana ndi alimi mu Okutobala chaka chimenecho mtengo wosasintha wa zaka ziwiri, akanapisa m'thumba mwake kulipira kusiyanako pa pampu iliyonse. Mukati mukakongole ku banki kuti mpamba usaphwe, kumbukirani kuti mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinafika pa 26 peresenti, mabanki n'kuikaponso chawo pamwamba.

Mwina mwana wanu atchula makampani a magetsi a sola amene amalipiritsa pang'onopang'ono pa foni. Njira imeneyi inatchuka ndi M-KOPA ya ku Kenya, imene inakhazikitsidwa mu 2011 potsamira pa M-Pesa, njira ya kumeneko yotumizira ndalama pa foni. Munthu amapereka ndalama yoyambira, kenako kandalama tsiku ndi tsiku. Akaleka kulipira chipangizo chimadzitseka chokha, akamaliza chimakhala chake. Kuno kwathu zomwezi zikuyenda kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ku Kenya komweko kampani ya SunCulture imachita zofananako ndi mapampu enieni othiririra. Koma makampani amenewa kumbuyo kwawo kuli mabungwe akuluakulu owapatsa mpamba woti udikire zaka. Kandalama katsiku ka getsi kamalowanso m'malo mwa kamene banja linkagulira kale palafini, makandulo kapena mabatire a tochi, ndiye sikamveka kulemera. Palinso kusiyana kwina kumene anthu saganizira. Getsi likazimitsidwa chifukwa cha ngongole, banja limagona mumdima usiku umodzi, kukacha n'kusaka ndalama. Pampu ikatsekedwa sabata imodzi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, tomato amafota, maluwa amayoyoka, ndipo mwapha nokha mbewu imene ikanakubwezerani ngongole. Chikwapu chimenechi n'choopsezera chabe, mukachigwiritsa ntchito chimakubwererani.

Ndiye pa gawo la ngongole langizo langa ndi lakuti mulisiyire eni ake. Pitani ku SACCO ya m'dera lanu kapena ku bungwe lokongoza alimi, mukagwirizane kuti iwo azikongoza mlimi, inu muzilandira ndalama zonse tsiku loika pampu. Muli ndi chinthu chowapatsa chimene ogulitsa ena alibe, chomwe ndi chitsimikizo chakuti pampuyo izisamalidwa, pakuti wokongoza aliyense amadziwa kuti mlimi salipira ngongole ya chinthu chakufa. Makalabu a alimi ndi mabanki nkhonde nawonso amatha kusonkherana n'kugula pampu imodzi kashi. Ngati pali alimi awiri atatu amene mwachita nawo malonda zaka zambiri ndipo mtima wanu ukufuna kuwakongoza nokha, chitani, koma ikani malire a ndalama zimene zingakhale kunja nthawi imodzi, ndipo masiku olipira agwe pa masabata amene akugulitsa zokolola. Zilembedwenso kuti ngongole ikatha pampu ndi yake. Funsani eni njinga za kabaza akuuzeni: njinga imene mnyamata akudziwa kuti idzakhala yake akamaliza kupereka imathiridwa oyilo pa nthawi yake, pamene ya abwana imalowetsedwa m'maenje onse a mumsewu. Lamulo la 2013 la Personal Property Security Act limalola kulembetsa katundu wotere ngati chikole. Kaonaneni ndi loya kamodzi, akulembereni pepala limodzi loti muzigwiritsa ntchito kwa onse.

Tsopano tibwere ku galaja, kumene ine ndikuona kuti kwagona phindu lanu.

Kugula ntchito m'malo mogula makina si zachilendo kwa ife. Palibe mayi amene amagula chigayo kuti apeze ufa. Amasenza chimanga chake n'kukalipira pa ndowa. Dongosolo limeneli lakhalitsa chifukwa ndowayo aliyense akuiona, mwini chigayo ndi mwini chimanga yemwe. Mayunitsi a ESCOM ndi chimodzimodzi, nambala ili pa khoma. Inunso muyenera kupeza ndowa yanu. Malita a madzi amamveka bwino pokamba, koma mita yoyezera madzi a kudambo, odzaza mchenga ndi ndere, sichedwa kutsekeka, ndipo mwana wasukulu amatha kuilambalala ndi kapaipi. Za kugawana zokolola musayerekeze n'komwe. Inu simulamulira chiwawu, akangaude ofiira, feteleza amene wathira mochedwa, kapena mtengo wa pa Lizulu tsiku limene aliyense watulukira ndi madengu. Lonjezani chokhacho chimene chili m'manja mwanu, ndipo chimenecho ndi nthawi: pampu ikaima, madzi ayambiranso kutuluka pasanathe masiku awiri. Ndowa yanu ikhale nyengo imodzi yothirira, kuyambira Meyi mpaka Novembala, pa mtengo umodzi wodziwika.

Lonjezo la masiku awiri silingasungidwe ndi luso la makaniko lokha. Pakufunika pampu yogwirizira. Sungani imodzi kapena ziwiri zoti mnyamata azinyamuka nazo: wafika, wachotsa yodwalayo, waika yogwirizira, mlimi wayamba kuthirira, yodwalayo ikukatsegulidwa kushopu pa benchi pamene pali zida zonse. Izi zimatheka ngati mukugulitsa mitundu iwiri yokha ya mapampu, yomwe zipangizo zake zingakwane m'bokosi limodzi. Apa m'pamene ntchito imayamba kulamulira katundu amene mumaoda. Lero mumasankha pampu poyang'ana phindu la tsiku logulitsa, ndiye yotchipa imakukokani. Mukasenza kukonza, pampu yotchipa imene imafa kawiri pa nyengo ndiyo yodula kuposa zonse. Okuodetsani muziwafunsa mafunso atsopano. Zipangizo zake zikupezeka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kapena n'zodikira sitima? Imatseguka ndi sipanala wamba? Imadzizimitsa yokha madzi akaphwa m'chitsime? Waranti yawo imafika kwa inu, kapena imathera pa bokosi?

Ndinathandizapo bambo wina wogulitsa zipangizo zonga zanuzi kuunika mabuku ake. Ankadabwa kuti malonda akuyenda koma ndalama sizioneka. Tinatenga kope, n'kuitana mnyamata wake kuti akumbukire maulendo onse a miyezi itatu. Tinapeza kuti ambiri sanali a pampu yowonongeka. Kwina sefa inali itatsekeka ndi matope. Kwina mapanelo anali atakutidwa ndi fumbi ndi zitosi za nkhuku. Gogo wina anawasunthira pansi pa mtengo wa mango poopa kuti apsa ndi dzuwa. Ulendo wautali kuposa onse unali wokalumikiza waya amene mbuzi inakoka ndi chingwe chake. Bamboyo anangogwira pakamwa, kenako anati mafuta onsewo akanagulira pampu ina.

Kuchokera pamenepo ndimauza aliyense kuti ndalama zambiri zokonzera zimapulumutsidwa tsiku loika. Musalole pampu kutuluka m'shopu popanda munthu wanu kukaona chitsime kapena mtsinje, kuya kwake mu Okutobala osati mu Meyi, mtunda umene madzi akwere, ndi malo oika mapanelo. Mlimi akaumirira pampu yaing'ono pa munda waukulu, mugulitseni ngati afuna koma mgwirizano wa chisamaliro mukanize. Pophunzitsa, funsani amene azidzayatsa pampuyo tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri amene wabwera ndi ndalama kushopu si amene amakhala kudimba. Kumeneko kumakhala mayi wa pakhomo, mwana, kapena waganyu. Ameneyo ndiye atsuke sefa ndi manja ake mnyamata wanu akuona. Ndipo foni ikalira, ulendo usayambe musanafunse mafunso atatu anayi kapena kuona chithunzi pa WhatsApp.

Mtengo wa chisamaliro muupange kuchokera pa ulendo, pakuti ndi umene umadya kwambiri. Tiyerekezenso. Ulendo umodzi, kuphatikiza mafuta, tsiku la mnyamata ndi kutha kwa njinga, tinene kuti ndi K30,000. Pa nyengo mukulonjeza maulendo awiri oyendera, wina potsegula nyengo, wina dzuwa likafika pachimake, ndipo mukuyembekezera ulendo umodzi wadzidzidzi. Kwa mlimi amene ali yekhayekha kutali, imeneyo ndi K90,000 musanagwire n'kachipangizo komwe. Koma ngati m'dambo limodzi muli alimi anu asanu ndi atatu, maulendo awiri oyendera aja amagawana, aliyense K7,500, kuonjezapo K30,000 ya wadzidzidzi, yonse K37,500. Ntchito ndi yomweyo, kusiyana kwake ndi kuyandikana. Pamwamba pake ikani timarabala ndi tizipangizo ting'onoting'ono, gawo la mtengo wa pampu yogwirizira, ndi phindu lanu, limene musachite nalo manyazi.

Izi zikutanthauza kuti mgwirizanowu simungaupereke kwa aliyense. Sankhani madambo awiri kapena atatu kumene muli ndi makasitomala kale, kumeneko ndiye kukhale lonjezo la masiku awiri. Wa kutali azibweretsa pampu kushopu, kapena alipire thiransipoti payokha, kapena akope anzake asanu kuti dera lawo lilowe. Amakaniko a mijigo amayendera nzeru yomweyi: aliyense ali ndi dera lake, amagwirizana ndi makomiti a mijigo, n'kumayendera mapampu a Afridev kusintha timarabala tisanathe. Ndikudziwa kuti kukana kasitomala kumapweteka, makamaka akakhala wa kumpingo kwanu, koma lonjezo limene mwalephera kusunga limaipitsa mbiri kuposa limene simunapereke.

Pepala la mgwirizano likhale tsamba limodzi, m'Chichewa, ndipo liwerengedwe mokweza pamaso pa mboni, kaya wapampando wa kalabu kaya a mfumu. Gawo lofunika kwambiri ndi la zinthu zimene sizili mkati. Kubedwa, mphezi ndi madzi osefukira, zimenezo n'za mlimi. Pampu imene yatsegulidwa ndi wokonza mawailesi wa pamsika yatuluka mu mgwirizano. Zipangizo zikuluzikulu monga mota azigula pa mtengo wa tsikulo, inu n'kumuikira osalipiritsa ntchito. Mtengo ukhale wa nyengo imodzi yokha, kuti kwacha ikasuntha musunthe nayo chaka chotsatira.

Chinthu china chimene ambiri amalakwitsa ndi kubisa mtengo wa ntchito m'kati mwa mtengo wa pampu. Zimaoneka zanzeru, koma zimakupwetekani kawiri. Mlimi akayerekeza ndi shopu ina amangoona kuti ndinu odula, osadziwa chifukwa chake. Ndipo chaka chachiwiri mukamuuza kuti alipire chisamaliro amadabwa, pakuti kwa iye chinali chaulere. Pa lisiti pakhale mizere itatu: pampu, kuika ndi kuphunzitsa, chisamaliro cha nyengo yoyamba. Ngakhale mutafuna kumuchotserako, lembani mtengo wonse kaye kenako muonetse zimene mwachotsa. Makasitomala akale amene anazolowera ulere musawadzidzimutse. Auzeni nyengo isanayambe kuti kuyambira tsiku lakuti pali njira ziwiri, kulowa mgwirizano kapena kulipira ulendo uliwonse. Ena anyinyirika, mwina mmodzi awiri akwiya. Ambiri aona okha kuti mgwirizano ndi wotchipa kuposa kutaya bedi la anyezi.

Musaiwale mnyamata wanuyo, pakuti mu bizinesi imeneyi nkhope imene alimi azidziwa ndi yake, osati yanu. Mukamamulipira pa ulendo uliwonse, maulendo achuluka. Mukamangomupatsa malipiro a pamwezi, foni yake izikhala yotha moto tsiku limene kwatentha. Mupatseni malipiro okhazikika, ndi kena kapamwamba pa pampu iliyonse imene yatha nyengo osaima kupitirira masiku awiri, komanso pa mlimi aliyense amene wasainiranso. Pamenepo zofuna zake, zanu ndi za mlimi zaloza kumodzi, monga zinakhalira ndi mainjini a ndege aja. Ndalama zonse zizilowa pa nambala ya foni ya shopu, osati m'manja mwake, ndipo nambala yomweyo imatidwe pa pampu iliyonse. Phunzitsaninso wachiwiri msanga. Sindikunena kuti mnyamata wanu ndi wosakhulupirika, koma tsiku limene adzadwale malungo mu Okutobala, kapena kuganiza zotsegula zake, lonjezo lanu lisadzapite naye.

Nanga maganizo a mwana wanu aja, titaye? Ayi, angodikira nyengo ziwiri. Pakali pano simukudziwa kuti pampu zanu zimafa kangati, chimafa n'chiyani, ndipo ndani amalipira osakumbutsidwa, choncho mtengo uliwonse wa pamwezi umene mungatchule lero ndi wolota. Maulendo oyendera aja akupatsani mayankho, ndipo adzigulitsira okha mapaipi, mbewu ndi pampu yachiwiri. Alimi amene akula adzafuna pampu yaikulu. Muwagule yakaleyo, muikonze, ndipo imeneyo ndi imene mungayambe kuibwereketsa pa nyengo kwa kalabu, kapena kwa mnyamata amene azizungulira nayo m'madimba kuthirira anthu pa tsiku. Ikabedwa kapena kufa, mwataya pampu yakale, mpamba wa shopu uli chikhalire.

Ntchito yosunga kope mupatseni mwana wanuyo, poti masamu amawadziwa. Pampu iliyonse ikhale ndi tsamba lake: tsiku loika, mtundu, kumene madzi akuchokera, mtunda kuchokera kushopu. Foni iliyonse yodandaula ilembedwe, vuto linali chiyani, linatha pa foni kapena panafunika ulendo, mafuta anapita angati, madzi anabwerera patatha masiku angati. Mvula yoyamba ikagwa ndipo mapampu alowa kuchipinda, mukhale pansi awiriwiri ndi kopelo, muwonkhetse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka dambo ndi dambo, musanatchule mtengo wa nyengo yotsatira.